Tsiku limene pepala linati positivo

Pali zinthu zimene munthu umaulula wekha popanda wokumenya, ndipo ine ndinaulula nditagwada.

Ndimadwala nyamakazi. Mwana wanga Roza, amene amagwira ntchito ku Quelimane, anandipezera jakisoni wina wamphamvu moti ndinayambanso kupalasa njinga ngati mnyamata. Patapita miyezi mawondo anayambiranso kuwawa. Adotolo anati mwina asilikali a m'thupi mwanga ayamba kulimbana ndi mankhwalawo, choncho ananditenga magazi n'kuwatumiza kutali. (Anafotokoza bwinobwino. Ine ndinkangogwedeza mutu, maganizo ali pa nandolo wanga kumunda.)

Pepala la zotsatira ndinalitsegulira panjira. Chipwitikizi chonsecho chinandidutsa, koma liwu limodzi ndinaliwerenga: positivo. Mayo ine! Kwathu kuno positivo timadziwa mmodzi yekha. Njinga ndinachita kuikankha mpaka kunyumba.

Ndinapeza akazi anga akusenda chinangwa, ndipo ndinagwada pomwepo, ndi mawondo owawa omwewo.

"Mayi a Roza, ndikhululukireni. Chaka chija ndinkakagulitsa nyemba ku Muloza n'kumagona komweko, sikuti pamalire ankatseka msanga ayi. Kunali Esitere."

"Esitere uti?"

Ndinamufotokoza yense. Ndinatchula ndi mtundu wa chitseko chake chomwe (palibe anandifunsa zimenezo).

M'mawa akazi anga anandikokera kuchipatala. Adotolo anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Bambo, iyi si HIV. Tinkafufuza asilikali olimbana ndi jakisoni wanu uja. Komanso kuyeza koyambaku kuli ngati ukonde, kumakola ndi zinyalala zomwe, makamaka kwa anthu a nyamakazi. Tiyeza kachiwiri kuti titsimikize."

Ndinavina, anthuni, mu ofesi momwemo! HIV tinayezetsa tonse awiri, ine ndi akazi anga, tsiku lomwelo ndipo zinatuluka bwino. Kuyeza kwachiwiri kuja nakonso kunadzati negativo. Asilikaliwo kunalibe, adotolo anangosintha mlingo wa mankhwala.

Ndinafika pakhomo ndikukupiza pepala la kuyeza kwachiwiriko m'mwamba, mano onse pamtunda.

"Mwaona, mayi a Roza? Zonse zija zinali zolakwika!"

Analiwerenga modekha n'kundibwezera.

"Makina ndiwo analakwitsa, bambo a Roza. Inu ndinakuyezani kamodzi kokha, ndipo zinatuluka zoona."

Mwezi wachitatu uno ndikugona pamphasa. Masiku ano pepala lililonse, ngakhale la msonkhano wa kutchalitchi, ndimayamba ndapeza wondiwerengera ndisanatsegule pakamwa.