Mdala Wosokoneza Mzere wa Ngoma

Nkhani iyi ndikanakonda ikanafera m'mimba mwanga. Koma poti amayi a ku Kandeu ayamba kale kuyifalitsa kuchigayo, akuithira mchere wawo, bola muimve kwa mwini wake. Ndi yochititsa manyazi, sindikana. Koma mukamaliza kuseka mundiuze ngati anthu amachita zotere kwa munthu wamkulu.

Ine ndine Ngozo. Funsani aliyense kuyambira kumapiri kuno mpaka kuchigwa za munthu wodziwa kuvina ngoma, akulozerani pakhomo panga. Sukulu sindinapondeko, koma phazi langa lili ndi digiri. Chaka china ndinaponda pansi kamodzi kokha, mbatatesi za m'munda mwa a Gama zinatumphuka zokha m'mizere, iwo anangopita ndi matumba kukatola. Tsiku lomwelo anthu a ku Sharpevale anathamangira kunjanji poyesa kuti sitima yafika. Wokana akafunse a Gama. Anamwalira, koma akafunse.

Ndiye mwezi wathawu kunabwera uthenga. Mkulu wina wa magolosale ku Manjawira akukwatitsa mwana wake, akufuna gulu lathu likavine. Ng'ombe zigwa, masese m'migolo. Vuto linali limodzi: galimoto yodzatitenga inali kapikapu, malo a amuna khumi ndi zishango zawo basi. Ife tilipo khumi ndi mmodzi. Mmodzi atsale.

Ine sindinade nkhawa. Popita kunkhondo amasiya mkondo?

Loweruka tinachita pulakatisi titavala zonse: nyoni ya nthenga kumutu, zikopa m'chiuno, mangenjeza kumiyendo. Nankhoma, amene amatsogolera amayi oimba ndi kuwomba m'manja, anaima chapatali kumbuyo kwathu n'kumatijambula pafoni. Tsiku limenelo ndinavina moti fumbi lake linakagwera ku Mozambiki.

Mawa lake titaweruka kutchalitchi, tcheyamani wathu, a Moyo, anaitanitsa miting'i pansi pa mtengo wa mango. Anatsokomola katatu asanayambe.

"A Ngozo, inu ndinu wamkulu pano. Ngoma munaiyamba ife tili kumsana. Pali vidiyo iyi ya dzulo. Tati muione modekha, mwina pali chimene mungaonepo."

"Modekha ndithu, a Ngozo," anawonjezera Nankhoma. "Musafulumire."

Ndinamva kukoma. Ndinati anthu awa tsopano ayamba kudziwa ulemu.

Anandipatsa foni. Tianthu take tinali ngati nyerere, tonse tooneka chakumsana, nthenga zokhazokha. Koma ine maso anga ndi oti ndimaona nthata pa galu wa kutsidya kwa mtsinje. Mphindi isanathe ndinamupeza munthu wake.

Abale anga! Anzake akukweza phazi lamanja, iye lamanzere. Anzake akuponda pansi limodzi, dii! Iye akubwera pambuyo payekha, phwa! ngati papaya lakupsa. Mzere ukupita kutsogolo, iye akulowera cham'mbali ngati nkhanu, chishango chake chikubaya mnzake m'nthiti.

Ndinapsa mtima mpaka m'makutu munatentha.

"Ndani ameneyu? Ndani wabweretsa chidakwa pa gule wa makolo athu?"

A Moyo akuyang'ana nsapato zawo ngati azigula kumene.

"Taonani miyendoyo! Ngati ya mpando wothyoka! Nanga mimbayo? Munthu amaoneka mimba ali chakumsana?"

A Phiri, mmodzi wa ovina, anagwira nthiti zawo n'kunena chapansipansi, "Chishango chimenecho chimapweteka ndithu."

"Ndiye ndinu mukubayidwa apa? Bwanji simunanene? Mwamuna wandevu kubayidwa tsiku lonse uli chete?"

"Zaka seveni," anatero a Phiri.

"Zaka seveni! Mukumuopa chiyani? Ali ndi mfuti?"

"Ndi wamkulu," anayankha a Moyo. "Kwathu kuno wamkulu sitimuloza chala, mukudziwa inunso. Ndiye tinati mwina akadzionera yekha..."

"Adzionere yekha? Munthu wotere sadziona! Ndimawadziwa ine anthu amenewa. Akafika kunyumba amauza mkazi wake kuti lero ndagwedeza dziko. Ukulu wake ndi wa chiyani? Ukulu umavina?"

Nankhoma anatseka kumaso ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Ndinaona kuti mayiyu akulirira mwambo wathu umene ukuwonongeka, ndipo ndinamulimbitsa mtima. "Musalire, mayi. Ndikadali moyo ine, zimenezi zithera pompano."

Mapewawo anagwedezeka kwambiri.

Poti onse anali amantha, ndinayamba kufufuza ndekha ngati wapolisi.

"A Jere, si inu?"

"Ine ndine wamtali uyo, kumapetoko."

"A Mbewe?"

"Ine ndine wa chikopa choyeracho."

Mmodzimmodzi aliyense anadziloza pafonipo, mpaka anakwana khumi. Chidakwa chija chinatsala chopanda mwini.

Ndinaganiza mozama, monga mwa nzeru zanga. Kenako ndinamenya pantchafu.

"Ndiye kuti ndi mlendo! Wina anabwereka nthenga n'kulowerera pamzere kuti akadye ng'ombe ku Manjawira!"

A Jere anadzuka n'kupita kuseri kwa mtengo, akuti atsamwa malovu.

"Nanga inuyo, a Ngozo," anafunsa a Moyo mofatsa kwambiri, "mwadziona pamene muli?"

"Ine foni singandigwire. Liwiro la phazi langa limafuna kamera ya boma. Musandisokoneze, a Moyo, tili pa mlandu. Chigamulo ndi ichi: munthu ameneyu, kaya ndi mlendo, kaya ndi wathu, ku Manjawira sapita. Ndipo nyoni asadzaivalenso pabwalo lino."

"Mwagamula, a Ngozo?"

"Ndagamula! Ndipo poti nonsenu mitima yanu ndi ya nkhuku, ndikamuuza ndekha. Pakhomo pake. Pamaso pa mkazi wake. Ndikapanda kutero mundimete ndevu izi ndi chikwanje. Nankhoma, yendetsani vidiyo, tione nkhope ya mbava."

"Mwina batire yatha," anatero Nankhoma.

"Yendetsani!"

Anayendetsa. Nyimbo inatha, amuna onse anaima. Munthu uja anapitiriza yekha masitepe atatu, phwa, phwa, phwa. Kenako anatembenuka. Anavula nyoni n'kupukuta thukuta pamutu. Ataona kuti akujambulidwa, anakweza chibonga m'mwamba n'kumwetulira ngati wapha mkango.

Nankhoma anaika zala ziwiri pagalasi n'kuikuza nkhopeyo mpaka inadzaza foni yonse.

Dazi limenelo ndinalidziwa. Mano awiri otsala kutsogolowo ndinawadziwanso. Ndimawatsuka m'mawa uliwonse.

Pansi pa mango paja panali chete moti ndinamva mbuzi ikubzikula kumudzi wina.

"Foni iyi mwaichita chipongwe," ndinatero. "Mutuwo ndi wanga, sindikana. Koma miyendoyo mwaitenga kwa munthu wina."

"Foni yanga ya kaunjika ilibe nzeru zimenezo, a Ngozo," anatero Nankhoma, misozi ili mbwee.

"Ndiye anzangawa ndi amene amalakwitsa! Amuna khumi kukweza phazi lolakwika nthawi imodzi, mukuona ngati sizingachitike?"

A Phiri anangosisita nthiti zawo.

Apo a Moyo anaimirira, anavula chipewa, n'kuwerama mwaulemu wonse wa kwathu. Ulemu umenewo ndi umene ukundiwawa mpaka lero.

"A Ngozo, mawu atuluka pakamwa pa wamkulu, ife ana sitingawabweze. Kwawo kwa munthuyo mukukudziwa. Mukatiperekere uthenga."

Taganizani! Zaka seveni anthu akundiwombera m'manja, amayi akuliza nthungululu, ine kumati ndi chikondi, osadziwa kuti akulizira kuti ndamaliza osavulaza munthu. Palibe ndi mmodzi yemwe wondikokera pambali n'kunena kuti a Ngozo, phazi ndi linalo. M'malo mwake anditchera msampha, ine mwini n'kuthira nyambo, ine mwini n'kulowamo, ine mwini n'kutseka chitseko. Umenewo ndi ulemu kapena ufiti?

Koma Ngozo salumbira pachabe, ndipo ndevu zanga ndimazikonda. Ndinafika kunyumba, ndinapeza mayi a kunyumba, Nachisale, akusankha nyemba pakhonde.

"Nachisale, talowani, mukhale mboni."

Ndinaima kutsogolo kwa galasi la pakabati, ndinamuyang'ana mdalayo m'maso, n'kumuloza chala.

"Iwe! Ku Manjawira supita. Umasokoneza mzere."

Mdalayo anandilozanso chala, wopanda ndi manyazi omwe.

Nachisale sanadabwe n'komwe. Anangopukuta manja pachitenje n'kunena kuti, "Poti mwakumana naye lero patatha zaka zonsezi, mumuuzenso kuti kwaya nayonso aisiye. Ine ndikamuuza samva."

Loweruka lotsatira kapikapu kananyamuka ndi amuna khumi, a Phiri atakhala motakasuka ngati bwana. Ine ndinatsala ndi mdala uja m'nyumba. Mpaka lero sitiyankhulana.

Musanagamule mlandu wa munthu amene mwamuonera kumsana, yambani mwamuuza atembenuke.