Katundu Wakhalitsa pa Tebulo la a Pulofesa

Kwa a Pulofesa, Mkulu wa Kafukufuku wa Kayendedwe ka Katundu,

Bwana,

Ndagwada. Ine ndine telala wamba, bambo wa mtsikana uja amakunyamulirani chikwama popita ku misonkhano. Akufufuza pansi pa ulamuliro wanu chifukwa chimene katundu amaolera m'nyumba zosungiramo podikira munthu mmodzi kuti asaine. Ndalemba m'nyuzipepala popeza mlembi wanu akuti kalata za pamanja zimadikira nthawi yake.

Choyamba, zikomo pomuphunzitsa ndi chitsanzo chooneka ndi maso. Buku lake la kafukufuku lagona pa tebulo lanu mpaka mdzukulu wanga, amene adabadwa sabata yomwe lidaperekedwa, tsopano akundisokonezera ulusi. Nditabwera kudzakupemphani ndidaliona ndithu, litatsamiritsa zenera kuti mphepo isalimenyetse. Ndidanyadira kuti mwana wanga ali ndi ntchito pa yunivesite.

Chachiwiri, ndikuyamika kusamala kwanu. Sitima ikachedwa padoko, mumati dziko lasintha, awonjezere mutu wina. Mafuta akasowa, mutu wina. Mlatho utakokoloka mudati ayambirenso. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ife bwana nkhonoyo taiona maso, nsidze ndi zidzukulu zomwe.

Chachitatu, tidakuonani pa kanema mukulangiza eni mafakitale kuti kuchedwa kugamula n'koopsa kuposa kugamula molakwa. Adakuomberani m'manja. Kumbuyo kwanu kudali chithunzi cha timabokosi ndi mivi chimene mwana wanga adajambulira pa tebulo langa lodulira nsalu, choko changa chili kukhutu. Dzina lake silidaoneke. Mwina lidakali m'njira, mudziwa ndinu akatswiri a zamayendedwe.

Tsono nkhani yeniyeni ndi iyi. Mayi ake a mwanayu ndidawasokera diresi yobiriwira ya pa mwambo wolandira digiri. Chichokereni kuchipatala akungotha thupi, moti diresiyo ndaibweza kawiri. M'mawa uliwonse amafunsa ngati a Pulofesa asaina, ine n'kumanama kuti cholembera chawathera inki. Zimandipweteka, bwana, ndipo mabodza andithera.

Sindikukufulumizitsani ayi. Ndine yani ine, munthu wa singano, kuti ndiphunzitse mwini mabuku kugamula? Pempho langa n'laling'ono. Mukapeza mpata pakati pa ndege ziwiri, gamulani chimodzi: wakhoza kapena walephera. Chilichonse tilandira ndi manja awiri. Ndingofuna kudziwa ngati diresi ija ndiibwezenso kachitatu, kapena ndiisite, ndiipinde, ndiisungire ulendo winawo umene sudikira siginecha ya munthu.

Ine wopondaponda makina podikira nzeru zanu,

Telala, bambo wa katundu wanu uja