Tsiku lomwe ndinaulula za kachilombo pamsonkhano wa makolo

Ku Chilomoni kuli anthu amene mpaka lero akakumana nane amayamba andiyang'ana kaye kuchokera kumutu mpaka kumapazi, kenaka n'kunena kuti, "Aphunzitsi, koma ndiye mwalimbatu." Ine ndimangothokoza n'kumapita. Kufotokoza ndinasiya kalekale, chifukwa kufotokoza komweko ndi kumene kunandigwetsa m'mavuto.

Zinachitika zaka za matipate zija, maphunziro a ulere atadzaza ana m'sukulu. Ine ndinkaphunzitsa Sitandade 5 pansi pa mtengo wa mango, bolodi itatsamira patsinde, ana ambiri oti mayina awo sindinawamalize kuwadziwa mpaka chaka chinatha. Ndiye bungwe lina la kunja linamva za mavuto athuwa, linakhala pansi, linaganiza mozama, n'kutitumizira kompyuta imodzi yakale, yachikasu ngati mano a munthu wosuta chingambwe. Ati yotukulira maphunziro. (Za denga sanaganizeko. Mwina kwawoko mvula ikagwa ana amabisala m'kompyuta.)

Anaiika muofesi ya ahedi, poti ndi mokhamo munali magetsi, ndipo akomiti ya sukulu anabwera kudzaiona. Wapampando wa komitiyo anali a Namakhwa, mkulu wa mpingo, munthu wosaseka wamba. Analinso bambo ake a Esinati, mtsikana amene ndinali nditamufunsira, ndipo chinkhoswe chathu chinali chitatsala miyezi iwiri. Ukwatiwo a Namakhwa anauvomera ndi pakamwa pokha. Kumbali ankanditchula kuti "mphunzitsi wa pamtengo uja."

"Ndani mwa aphunzitsi amawadziwa makinawa?" anafunsa ahedi.

Ine ndinali nditaphunzirako kutaipa masabata atatu ku Limbe, pa taipilaita yoti chilembo china chinkakana kubwerera mpaka uchikoke ndi chala. Ndinayang'ana a Namakhwa, ndipo pakamwa panga panatseguka pokha.

"Ine, ahedi. Zimenezi ndi zazing'ono."

A Namakhwa anandiyang'ana ngati akundiona koyamba, n'kugwedeza mutu pang'ono. Kugwedeza mutu kumeneko ndinakondwera nako sabata yathunthu.

Mawa lake ndinadzitsekera muofesi muja n'kufunafuna poyatsira mpaka belu linalira. Sindinapapeze. Apa mpamene ndinakumbukira Lavunesi, mnzanga wa kusekondale, amene anali sekilitale pakampani ina ku Ginnery Corner. Anavomera kumandiphunzitsa Loweruka masana mabwana ake akaweruka. Esinati ndinamuuza kuti Loweruka lililonse tili ndi maphunziro a aphunzitsi ku Zingwangwa. Ndinkaopa kuti ndikamuuza zoona, nkhani ifika kwa bambo ake kuti katswiri uja sadziwa ndi poyatsira pomwe.

Patatha masabata asanu ndinali nditadziwa kuyatsa, kulemba dzina langa ndi kuzimitsa. Lavunesi anandipatsanso kadisiki kokhala ndi masewera a masamu, kuti ana akasangalale. Ndinakalowetsa m'kompyuta ya sukulu monyadira. Patangopita masiku awiri makina anayamba misala: ndikalemba mawu, zilembo zinkayoyoka chimodzichimodzi n'kukaunjikana m'munsi mwa galasi la kompyutayo.

"Imeneyo ndi vairasi," anatero Lavunesi, osadabwa n'komwe. "Yathuyinso ili nayo. Imayenda pa madisiki."

"Mankhwala ake alipo?"

"Amati alipo, koma ife sitinawaonepo."

Munthu wanzeru akanapita kwa ahedi tsiku lomwelo. Ine ndinangoganiza kuti makina akapuma masiku angapo achira okha.

Tsiku loonetsa kompyuta kwa makolo linafika. Tinaiika pathebulo pakhonde, chingwe cha magetsi chitadutsa pawindo. Anthu anadzaza bwalo lonse, ena ochokera mpaka ku Chemusa oti analibe ndi mwana yemwe pasukulupo. Esinati anakhala kutsogolo ndi mayi ake, atavala diresi lake la kutchalitchi. Ahedi analankhula kwa ola lathunthu kuti kuyambira tsopano ana athu afanana ndi a ku Ulaya. (Ana enieniwo anali atakhala pafumbi, ena akulembera m'makope ong'ambidwa pakati kuti akwanire awiri.)

Ndinayatsa, ndipo inayaka. Ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti TAKULANDIRANI. Anthu anaombera m'manja. Kenaka chilembo choyamba chinagwa, chachiwiri chinatsatira, mpaka zonse zinaunjikana pansi. Mayi wina anayimba nthungululu poganiza kuti ndi mbali ya chionetsero. Galasi litachita mdima, nthungululu ija inathera m'malere.

"Aphunzitsi," anatero ahedi, thukuta lili kamukamu, "tawafotokozerani makolo chomwe chachitika. M'Chichewa chomveka bwino."

Ndinaimirira. Mawu oti vairasi ndinaona kuti agogo ali apawa sawamva. Koma wailesi inali itatiphunzitsa kale Chichewa chake.

"Makolo, musadandaule," ndinatero mokweza. "Kompyutayi yangotenga kachilombo."

Achinyamata a lero sangamvetse bata limene linagwa pabwalo paja. Masiku amenewo maliro ankachitika pafupifupi sabata iliyonse, ndipo mawu amenewa munthu sankawatchula pagulu. Tinkangoti "zomwezi," kapena kuti wadwala nthawi yaitali. Panalibe banja pamenepo loti silinaike wina wake. Ine ndemwe ndinali nditaika mchimwene wanga chaka chapitacho. Koma nthawi imeneyo mutu wanga unali pa makina basi.

A Namakhwa anaimirira pang'onopang'ono. "Yakatenga kwa ndani kachilomboko?"

"Kwa ine, bambo. Ndabwera nako ndine."

"Inuyo munakatenga kuti?"

"M'tauni, kwa mnzanga."

"Mnzanuyo ndi wamwamuna?"

"Ayi, ndi wamkazi. Sekilitale wa ku Ginnery Corner. Nayenso ali nako, anandiuza yekha."

Ahedi anayamba kundikoka jekete. Ine ndinaganiza kuti akuti ndikweze mawu kuti akumbuyo amve.

"Mwakhala mukupitako kangati?" anafunsa a Namakhwa.

"Loweruka lililonse, mabwana ake akachoka. Kamafala msanga, bambo, munthu ukapanda kusamala. Ine sindinadziwe kuti ali nako mpaka zizindikiro zitayamba kuoneka."

Bambo wina kumbuyo anafuula kuti, "Nanga mankhwala ake?"

"Amati alipo, koma sitinawaonepo."

Mayi ake a Esinati anagwira kumutu. Amayi anayamba kukoka ana awo kuwachotsa pafupi ndi thebulo, ndipo mwana wina amene anakhudza chingwe anatengedwa kukasambitsidwa m'manja pampopi. Agogo ena anadutsa pafupi nane n'kunena chapansipansi kuti, "Koma mwanayu ndi wolimba mtima, Mulungu amuthandize." Apo mpamene nzeru zinabwerera m'mutu mwanga, bwalo litatsala ndi mabenchi okhaokha.

Lolemba kalasi yanga inachepa mpaka ndinatha kuitana mwana aliyense ndi dzina lake. (Kunena chilungamo, ndi sabata yokhayo imene maphunziro anatukukadi pasukulu paja, ndipo ndi kompyuta inachititsa.) M'chipinda cha aphunzitsi ndinapeza kapu yanga ya tiyi itaikidwa payokha pawindo. Ahedi anayesetsa kuitanitsa msonkhano wina kuti afotokoze kuti kachilombo ka makina ndi kena, ka anthu ndi kena. Ena anamva. Ena anati ahedi akungobisa, monga amabisira aliyense. Kompyuta ija inafunditsidwa chitenje muofesi, ndipo palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene anaikhudzapo. Ku bungwe lija kunapita kalata yothokoza, yonena kuti ana akupindula kwambiri. Ndinailemba ndine, pamanja.

Koma mtima wanga unali pa Esinati. Lachitatu madzulo ndinakamudikirira panjira ya kumsika, nditakonzekera kumufotokozera za madisiki kuyambira pachiyambi. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, dengu lili pamutu.

"Zimenezo ndinazimva pomwe paja," anatero. "Mukuganiza kuti ndine mbuli? Ndinadziwa kuti mukunena za makina."

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinayamba ndi kuseka komwe.

"Ndipo ndikuuzeni," anapitiriza. "Kukanakhala kuti ndi kachilombo kenikeni, n'kubwera kudzandiuza ineyo pandekha, tikanakhala pansi n'kuona chochita. Ndinasamalira achemwali anga mpaka tsiku lomaliza, matenda sindiwathawa. Koma inu munandiuza kuti Loweruka mumakhala ku Zingwangwa."

"Esinati, kunalitu kuphunzira chabe. Ndinkachita manyazi ndi bambo ako."

"Ndikukhulupirira kuti kunali kuphunzira. Koma munandinamiza kasanu, nkhope ili gwa, pankhani ya poyatsira makina. Nanga ikadzakhala nkhani yaikulu, masiku ano oti bodza la mwamuna limapha mkazi?"

Atatero anangotembenuka n'kundisiya panjira pomwepo. Sabata yomweyo ankhoswe ake anatumiza uthenga kwa amalume anga kuti chinkhoswe chayamba chaima kaye. Chiimire mpaka lero. Zinandipweteka kwambiri, ndipo ndikamakumbukira zimandipwetekabe, chifukwa mtsikana uja ndinkamukonda ndipo sanalakwitse mawu ndi amodzi omwe.

Amalume anga, mzimu wawo uuse mumtendere, ankati phunziro la nkhaniyi ndi loti munthu asamaname. Ine kwa zaka zambiri ndinkawatsutsa, n'kumati phunziro lake ndi loti mawu ena a Chizungu ndi bwino kungowasiya m'Chizungu momwemo. Ndinkalimbikira choncho chifukwa kulakwitsa kumasulira sikuchititsa manyazi ngati kunama. Koma Esinati kumasulira kwanga kuja anakumva bwinobwino, ndipo anandisiyabe.