Anandipempherera ndili kuseri kwa chitseko

Mukamva kuti munthu akukachita digiri yachiwiri, musamafulumire kuganiza kuti nzeru za digiri yoyamba zija akadali nazo. Ine ndinasamukira ku Lilongwe kukayamba maphunziro amenewa, koma sabata zingapo zoyambirira ndinazithera m'chipinda chosungiramo nandolo kwa amayi anga ku Nazombe. Mpaka lero penapake sindimvetsa kuti zinayenda bwanji, koma ndikuuzani momwe ndikukumbukira.

Kalata yonena kuti anditenga inabwera pafoni. Nditangoona dzina langa ndi tsiku lokaonekera ku ofesi, kuwerenga kunathera pomwepo. Ndinapalasa njinga mpaka pa Boma kukaisindikiza. Mtsikana wa pashopupo anafunsa ngati atulutse masamba onse awiri, ine ndinati loyamba lokha likwana (lachiwirilo linali ndi timalemba ting'onoting'ono, ndiye ndinangoti ndi malamulo oletsa kuba mabuku). Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Amayi anaitenga nkhaniyo ngati yawo. Lamulungu lotsatira kalata ija inawerengedwa kutchalitchi, ndipo ine ndinaimirira n'kulengeza kuti ndikakhala kumeneko zaka ziwiri zathunthu. Kwaya, imene ndinaimbamo besi kwa zaka khumi, inandiimbira nyimbo yotsanzika. Amayi analira kutsogolo, mpingo wonse ukuona. Amayi a kumpingo anasonkha mpunga, makaka ndi nkhuku yamoyo, ndipo mtsogoleri wawo, mayi Mulipa, anandipatsa bulangete ndi malangizo okwanira anthu atatu. Kanyumba kanga ndinakapereka kwa mlongo wanga ndi mwamuna wake, amene anali atangokwatirana. Ndinachoka ngati munthu wosadzabweranso msanga.

Ku Lilongwe ndinasochera kawiri tsiku loyamba lomwe, nkhuku ili kukhwapa. Ndinapeza kachipinda ka lendi, ndinagula matiresi ndi mbaula, ndinakhoma ngakhale msomali wopachikapo jekete. Lolemba ndinapolisha nsapato n'kupita ku ofesi ya sukulu. Mayi wa pa desiki anandilemba bwinobwino, kenako anati tionana pakatha miyezi iwiri ndi theka. Ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala za m'tauni. Iwo sanaseke. Anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati mwana wa sitandade wani, kuti maphunziro athuwa ndi a anthu apantchito: timabwera sabata ziwiri, n'kubwerera kwathu miyezi itatu, ntchito n'kumatumiza pakompyuta. Tsiku limenelo linali longolembetsa basi, ndipo ambiri anali atalembetsa pafoni ali kwawo.

"Nanga ine ndizikhala kuti?" ndinafunsa.

"Kwanu, bambo. Zonsezi zili pa tsamba lachiwiri."

Ndinatsegula foni pomwepo. Zinalipodi, ndipo mawu ena anachita kuwalemba mzere kunsi.

Sabata yonse ndinangokhala m'kachipinda kaja nditagwira njakata. M'mawa ndimavala ngati wopita kukalasi, n'kukazungulira mumsika, n'kubwerera. Nkhuku ija ndinadya, mpunga unayamba kuoneka pansi pa thumba. Amayi akaimba foni kufunsa za maphunziro, ndimati ngovuta koma tikulimba. Pamapeto pake ndinaona kuti njala ya m'tauni ilibe chisoni, ndinamanga katundu. Nditatsika basi pa Boma kwathu, ndinakwera njinga yamoto masana, tsiku la msika, ndipo chipewa cholimba chija sindinavule mpaka pakhomo penipeni.

Amayi ndinawapeza akupeta nandolo. Ndinawafotokozera katatu. Ndimayembekeza kuti afunsa ngati ndadya, koma anayang'ana kumsewu n'kufunsa kuti wandiona ndani.

"Iwe, ine ndinalira pamaso pa mpingo wonse. Anthu anasonkha mpunga wawo. Lero ndikawauze kuti sukulu yake yatha masiku khumi?"

Chigamulo chinali chakuti ndibisale mpaka mwezi uthe, kenako ndidzatulukire ngati wabwera kutchuthi. Kanyumba kanga munali eni ake atsopano, ndiye malo otsala anali chipinda cha matumba, choyandikana ndi pabalaza. Ndivomereze kuti sindinakane. Mwamuna wa zaka makumi atatu ndi zitatu, wa digiri, ndimapita kuchimbudzi m'bandakucha nditafunda chitenje, chakudya n'kumalandirira pawindo kwa mlongo wanga, amene kuseka kumamutayitsa ndiwo.

Chimene chinandisokoneza kwambiri ndi zomwe ndimamva kudzera pachitseko. Aliyense wodutsa amafunsa za ine, ndipo amayi amayankha mosadodoma. Tsiku lina ndinamva kuti ndanenepa. Tsiku lina ndinamva kuti anzanga andisankha kukhala mtsogoleri wa kalasi. Ndinafika pomuchitira nsanje mnyamata wa ku Lilongweyo, chifukwa zake zimayenda bwino pamene ine anankafumbwe amandiyenda m'khosi.

Lachinayi la sabata yachitatu, amayi a kumpingo anabwera kudzachita mapemphero pakhomo pathu, osatumiza mawu. Kunja kunali chiperoni, ndiye analowa pabalaza. Ine ndinali nditakhala pathumba, mbatata yootcha ili m'manja. Mayi Mulipa anayamba kundipempherera. Anapempha kuti nditetezedwe ku magalimoto, ku mowa, ndi kwa akazi a m'tauni (pamenepa anachedwapo ndithu). Anati kumene ndiliko, kaya ndadya kaya sindinadye, akudziwa ndi Mwini wake, ndipo ndidzabwerere wamoyo. Kunena zoona misozi inalengeza. Anthuwa amandikondadi, ine ndikuwanamiza patali ndi mapazi anayi okha.

Kenako anayamba nyimbo. Mukudziwa inu, amayi okhaokha akamaimba, pansi pa nyimbo pamakhala pululu. Ndime yoyamba ndinapirira. Yachiwiri ndinaluma mlomo. Pofika pa kolasi pakamwa panatseguka pokha, ndipo ine m'maganizo mwanga ndimati ndikungong'ung'udza chapansipansi. Mawu a amayi aja anayamba kuzima mmodzimmodzi, mpaka mzere womaliza ndinaumaliza ndekha.

Amayi anga anati ndi wailesi. Mayi Mulipa anayankha kuti wailesi imeneyo akuidziwa, inkakhala benchi lachitatu kumanzere. Ndinamva mapazi, chitseko n'kutseguka. Ndinaima pamenepo ndi kabudula, mankhusu a nandolo ali m'mutu, mbatata ikadali m'manja, ndipo posowa chochita ndinagwada n'kuwapatsa moni. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anatembenukira anzawo.

"Amayi inu, mwaona? Tapempha kuti adzabwere wamoyo, wafika tisanamalize n'komwe nyimbo."

Anaseka mpaka ena kugwira nthiti. Amayi anga okha ndi amene sanaseke. Anangozyolika, akupinda ndi kupindula nsonga ya chitenje chawo, ndipo zimenezi zinandipweteka kuposa kuseka konse kuja. Ndinayesa kufotokoza za tsamba lachiwiri kuti mlandu ukhale wanga, koma sukulu imene imakulemba n'kukuuza kuti uzipita kwanu palibe anaimvetsa. Pofika madzulo, theka la mudzi limati anandichotsa, theka lina limati ndine wanzeru kwambiri moti ndamaliza m'mwezi umodzi. Amayi anakhala sabata ziwiri osapita kutchalitchi.

Phunziro lake mukuliona nokha: kalata muziwerenga mpaka pothera, ndipo musamatsanzike musanaone mpando umene mukakhalepo. Ine ndinaliphunzira mochedwa, ndipo amene analipira ndi munthu amene sanalakwe.

Nthawi yopita zenizeni itakwana, panalibe kwaya, panalibe nkhuku. Amayi anandiperekeza mpaka pamsewu n'kundiuza kuti sauza munthu aliyense kufikira atamva okha mphunzitsi akulankhula. Choncho tsiku loyamba m'kalasi ndinakhala kumbuyo, ndinawaimbira foni amayi, n'kuigwira pansi pa desiki. Anamvetsera Chingerezi chimene sachimva kwa mphindi zingapo ndithu. Nditaweramira pansi n'kuiika kukhutu, ndinamva akupuma mwamphamvu.

"Chabwino," anatero. "Tsopano wapitadi."