Oyilo wa ku Nsanje

Lolemba
A Mhone a ku ofesi andiitana kwawo ku Nkhata Bay Lamulungu, kukadya nsomba ya batala. Miyezi isanu ku Mzuzu kuno, aka n'koyamba munthu kundiitana pakhomo pake. Ndati "yewo chomene" kawiri, Chitumbuka changa n'kuthera pomwepo. Petulo ali m'njinga yamotoyu ndi yemweyu mpaka mwezi uthe. Akwana, bola injini isamwe mwadyera.

Lachiwiri
Ndathira oyilo watsopano, wolimba ngati uchi, uja tinkathira kwathu ku Nsanje kotentha. Makaniko wa ku Mchengautuwa akuti, "Adada, kuno kukuzizira chomene, thirani wopepuka." Ndamuseka. Oyilo wamadzimadzi angapatse injini mphamvu?

Lachitatu
Chifunga. Ndaponda njinga kuti ilire mpaka mwendo kuwawa, oyilo wagwirana ngati chiponde. Yalira, koma pachitunda cha ku Katawa ikuchita kukwawa. Mayi wina wosenza nkhuni wandipitirira. Wandipatsa moni, ndiye bola.

Lachinayi
Ndaviika kamtengo m'thanki. Petulo watsika zala zitatu, ulendo wa ku ofesi wokha! Makaniko akuti injini ikuthera mphamvu kulimbana ndi oyilo, n'chifukwa chake ikumwa chonchi. Za ulendo zakonzeka: shuga, buledi, sopo wa mayi awo a Mhone, khadi lachipani loonetsa akandiimitsa panjira m'thumba la jekete.

Lachisanu
Nzeru zatsopano: mbaula pansi pa injini kuti oyilo afewe. Zotsatira: tayala lanunkha, ndipo mwininyumba wandikalipira m'Chitumbuka mpaka makala kuzima. Sindinamvepo kanthu, koma chifikireni palibe anayankhulapo nane nthawi yaitali chonchi.
A Mhone akuti, "Amama agula kale nsomba."

Loweruka
Ndagonja. Ndapita kwa makaniko kuti akhuthule oyiloyu. Ndapeza potseka, ali kumaliro ku Ekwendeni. Kupita ndi kubwerera, zala zina ziwiri.

Lamulungu
Ndayamba kuponda m'mawa. Basi ya ku Nkhata Bay yanyamuka ndikupondabe. Masana dzuwa latuluka, kuponda kamodzi njinga yalira. Ndavala jekete, ndamanga katundu. Pamsewu pomwepa yazima. M'thanki mwauma gwa.

Ndaikankha kubwerera. Buledi ndadya theka, ndekha. Ndasungulumwa, ndisaname. Kumeneko mwina mbale yanga aivundikira, akuyang'anabe kumsewu. Sopo ndikapereka mawa ku ofesi. Kaya adzandiitananso.