Loya amene ndinapezera azakhali anga pansi pa mtengo wa mango

Ndikufuna zidziwike kuti m'dera lonse la Lukwa palibe munthu amene anayandikirapo malamulo a dziko lino kuposa ine. Ku koleji, chipinda changa chogona chinayang'anizana ndi kalasi ya ophunzira zamalamulo, ndipo mawindo awo sankatsekeka. Ine ndinkaphunzira zamalonda, koma patatha miyezi isanu ndi iwiri aphunzitsi ndi ine tinagwirizana kuti ndikapume kaye kumudzi. Ndikupumabe mpaka lero. Anthu kuno amanditchula kuti a Koleji, ndipo ndimayankha.

Chaka chimenecho makuponi anabwera mochedwa, feteleza n'kuchedwa kuposa makuponiwo. Azakhali anga aNaphiri, mayi wamasiye, anakhala pamzere kudepoti masiku atatu. Ng'ombe zawo ziwiri zokoka ngolo anasiyira munthu wodalirika kuti aziyang'anira (sinditchula dzina lake, tsiku limenelo anali ndi buku losangalatsa kwambiri). Ng'ombezo zinatsikira kudambo, n'kukalowa pa nazale ya fodya ya a Mwale, oyandikana nawo munda. Mabedi atatu a mbande zoti ziwokeredwe mvula ikangogwa anasanduka bwalo la gule.

A Mwale sanafune zokambirana. Patapita sabata anabweretsa samani yakukhoti, n'kunena pamaso pa aliyense kuti akufuna Kapiteni, ng'ombe yaikulu mwa ziwirizo, ngati chipukuta misozi. Tsono ngolo ndiyo inkadyetsa azakhali: inkanyamula feteleza wa anthu, mitengo ya zigafa, mabelo a fodya. Ng'ombe imodzi siikoka ngolo.

"Iwe," anatero azakhali, samani ili m'manja chadodolido, "paja unapita ku koleji. Tichite bwanji?"

"Pakufunika loya, azakhali. Koma osati loya wamba. Wodziwa ntchito, wa mbiri yake. Kusankha loya kumafuna munthu wophunzira."

"Chabwino. Poti wophunzira kulibe, pita iweyo."

M'mawa mwake ndinapalasa njinga mpaka pa boma. Kuseri kwa sitolo ya zipangizo za ulimi ndinapeza kaofesi kolembedwa kuti muli loya. Ndinasuzumira. Munali mnyamata wa msinkhu wanga, wopanda jekete, akukukuta chimanga chootcha. Ndinabweza mutu mwaulemu. Ng'ombe ya azakhali sindikanaipereka m'manja mwa mwana wobadwa dzulo, wa njere za chimanga m'mano.

Kenaka, kunja kwa khoti, pansi pa mtengo wa mango, ndinawaona. Bambo wachikulire, imvi mbuu, jekete yakuda, tayi, chikwama chachikopa pamiyendo, atakhala pabenchi ngati dziko lonse analisainira kale. Wapolisi anadutsa, n'kuwapatsa moni ndi manja awiri. Kalaliki wa khoti anaima kuwafunsa za nyamakazi. Ngakhale mkaidi wina, unyolo uli m'manja, anakuwa ali pagalimoto kuti, "Wawa a Kachingwe!"

Ndinanjuta, n'kukhala kumapeto kwa benchi. Ndinali nditakonza mafunso atatu ofufuzira mbiri ya munthu, ndipo ndinawafunsa mwa ndondomeko.

"Bambo, pa khoti pano mwakhalapo nthawi yaitali bwanji?"

"Zaka makumi atatu, mwana wanga. Mtengo uwu ndinaupeza ukundilekeza m'chiuno."

"Oweruza amakudziwani?"

"Onse amene anadutsa pano ndinawalandira ndine, ndinawaperekezanso ndine."

"Nanga milandu ya ziweto mumaidziwa?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mbuzi, nkhumba, ng'ombe, ngakhale nkhanga. Tabwera nayo samaniyo."

Funso lachinayi, loti kodi inuyo ndinu loya, linafika pakhosi ndithu. Koma inu, munthu woleredwa bwino angafunse bambo wa imvi, wovala tayi, kuti aonetse mapepala ake? Kwathu munthu wamkulu akati ndine wakuti sumufunsa umboni, ndipo akapanda kunena umamuthandiza kuganiza. Komanso kufunsa kukanaonetsa ngati ine sindidziwa loya pomuona. Ndinameza funsolo. Za mtengo wa ntchito yawo sindinafunsenso, poopa kukomoka pagulu.

"Mudzatiimirira Lachinayi?" ndinatero.

"Ndidzakhalapo. Ine sindijomba."

Kumudzi ndinafika ngati wobwera ndi mvula. Ndinauza azakhali, ndinauza apakachisi, ndinauzanso mokweza mawu ndili pafupi ndi mpanda wa a Mwale, kuti tapeza loya wa zaka makumi atatu.

Lachinayi azakhali anavala chitenje cha kumpingo, n'kumanga pansonga pake ndalama zonse zimene ngolo inapeza mwezi umenewo. Titafika kukhoti, azakhali atangowaona a Kachingwe, anandikoka malaya.

"Loya amakhala pabenchi?"

"Ofesi yawo akuipenta," ndinayankha. (Palibe anandiuza zimenezi. Nzeru zinangobwera.)

Tinalowa. A Mwale anakhala mbali inayo, nkhope ili gwaa. A Kachingwe anakhala pafupi ndi ine, koma maso awo sanali pa ife. Anadzuka, n'kukawongola mpando wa oweruza. Anabwerera. Anadzukanso, n'kukatsegula windo. Ine ndinanong'oneza azakhali kuti aone mmene munthu wozolowera amachitira.

Chitseko chakutsogolo chitangotseguka, mesenjala wachinyamata asanatsegule n'komwe pakamwa, loya wathu anaimirira njo, chifuwa patsogolo, n'kukuwa mawu ogwedeza malata:

"Khotiiii! Nonse imani!"

Tonse tinaima. Oweruza, mayi wa magalasi, anakhala pansi n'kuyang'ana pamwamba pa magalasiwo.

"A Kachingwe, kupuma pa ntchito kwakukanikani?"

"Pepani bwana, pakamwa panangotseguka pokha."

Apa munthu wanzeru akanakhala chete. Ine ndinaimirira, n'kukonza kolala.

"Olemekezeka, ndikudziwitseni kuti awa ndi loya wa azakhali anga pa mlandu uno."

Kalaliki anabisa nkhope m'fayilo. Wapolisi anatuluka panja kukasekera komweko, koma tinkamumvabe. A Kachingwe ananditembenukira modabwa kuposa wina aliyense.

"Loya? Ine?"

"Awa," anatero oweruza mofatsa, "anali mesenjala wa khoti lino ine ndisanayambe sukulu. Masiku ano amalembera anthu makalata panja apo. Nanga inu ndinu yani?"

Ndisanapeze udindo woyenera, azakhali anandithandiza.

"Ameneyu, bwana, ndi amene ankaweta ng'ombezo tsiku limenelo."

Oweruza anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Atafunsa ngati mbali ziwirizi zinakhalapo pansi kukambirana, n'kumva kuti ayi, anatipatsa ola limodzi kuti tikayesere panja.

Panja ndinayamba ndine. "Bambo, bwanji simunandiuze?"

"Unandifunsa zaka, ndinakuuza. Za uloya unafunsa liti? Ine ndimayesa ukufuna wokuperekezani, poti anthu akumudzi amaopa khoti." Kenaka anamenya benchi ndi dzanja. "A Mwale, takhalani apa. Inu si mwana wa malemu a Mwale a kutsidya kwa dambo? Atate anu ndinawapititsira samani kawiri pa njinga, ndipo kawiri konse anandiphera nkhuku. Anali munthu."

A Mwale anakhala, nkhope itafewa pang'ono. A Kachingwe anapitiriza.

"Tsono mverani. Milandu ya nazale ndaimva yambiri nditaima pakhomo paja. Sindinaonepo munthu akutuluka atakoka ng'ombe. Adzakuuzani kuti mubwere mwezi wamawa ndi mboni. Mboni ikabwera, adzati alangizi akaone mabediwo. Alangizi njinga yawo yafa. Tayang'anani kumwambaku." Tonse tinayang'ana, mitambo inali itada kumadzulo. "Imeneyo idikira alangizi? Mukufuna ng'ombe chaka chamawa, kapena fodya m'munda sabata ino?"

"Nanga mbande ndizitenga kuti?" anatero a Mwale.

"Ine ndili ndi mabedi anayi," anayankha azakhali. "Tengani awiri."

"Anawonongeka atatu, mayi."

"M'malo mwa bedi lachitatulo, ngolo ikunyamulirani feteleza ndi mitengo ya chigafa mwaulere."

A Mwale anakanda chibwano. "Nanga wowokera? Ine msana."

Anthu atatu akuluakulu anatembenuka nthawi imodzi n'kundiyang'ana. Sindinafunsidwe maganizo.

Ola lisanathe tinabwerera m'khoti, a Mwale n'kuchotsa mlandu. Kapiteni anatsala m'khola la azakhali, osadziwa n'komwe kuti dzina lake linalembedwa m'mabuku a boma. Ine ndinawokera fodya wa a Mwale masiku anayi, mvula ili pamsana, ana a sukulu akudutsa n'kumafunsana ngati ku koleji amaphunzitsanso kuwerama.

Koma tibwerere pansi pa mango paja. Tisananyamuke, azakhali anayamba kumasula nsonga ya chitenje, n'kufunsa kuti ntchito yonseyi ndi zingati.

"Kalata ndimalemba K200," anatero a Kachingwe. "Lero sindinalembe, koma ndayankhula zokwana kalata imodzi."

Azakhali anamanganso nsonga ija, mfundo ziwiri.

"Loya ndi wako, a Koleji. Lipira."

Ndinapisa m'thumba n'kupereka K200 yanga yomaliza. Bambowo anaiyang'ana, anandiyang'ananso ine, n'kundibwezera K20 kuti ndikagule chingwe chomangira ng'ombe. Choncho mlandu wonse unandidyera K180.