Bonifasi Apempha Chitengwa

Lolemba

Ndagula makope awiri ndi bolopeni yatsopano. Ntchito yayamba!

Pa wailesi alengeza kuti a nyumba ya kanema akufuna masewero, pali mpikisano. Malamulo ndawalemba pachikuto:

1. Likhale la mphindi makumi atatu.
2. Lotayipa, osati lapamanja.
3. Loti banja lonse lingaonere pamodzi popanda wina kuzolika.
4. Lifike ku Blantyre Loweruka lino isanakwane 12 koloko masana.

Sewero lopambana lidzaonetsedwa. Mphotoyo ndilibe nayo ntchito kwenikweni, chimene ndikufuna ine n'choti apongozi anga alionere. Lamulungu lililonse masana amakhala kutsogolo kwenikweni pa kanema wa akatekisi a Nampuluma, ine ndili panja pawindo, poti mkamwini sakhala chipinda chimodzi ndi apongozi.

Zaka khumi ndi chimodzi ndili pachikamwini kuno ku Nguludi. Ku Namadzi ndili ndi puloti yangayanga. Ndikufuna chitengwa, nditenge mkazi wanga ndi mwana wathu Tiya tikakhale kumeneko. Koma ndinene bwanji? Tikakumana panjira, apongozi amapatukira m'chimanga kumanja, ine kumanzere, moni timapatsana titafulatirana. Nkhoswe yathu ndi a Muhiwa, atsibweni ake a mkazi wanga. Ndawatuma kanayi. Yankho ndi limodzi: "Tiona tikakolola." Takolola kanayi.

Ndiye kanema akandinenere. Anthu a m'sewero:

Bonifasi, mphunzitsi wofatsa, wanzeru, wamtali (si ine, ine ndine wamfupi)
mkazi wake
apongozi ake
nkhoswe yaulesi

Ana a Sitandade 5 ndawaunjikira masamu kuti andisiye ndilembe. Masamba asanu ndi anayi lero.

Lachiwiri

Masamba makumi awiri. Latha! Pamene Bonifasi akutsanula zakukhosi ndagwetsa misozi ndekha, yadonthera pakope.

Taipilaita m'dera lino ndi imodzi, ili kwa akatekisi. Ndapita titaweruka. Avala magalasi, atenga bolopeni yofiira, akuti asanatayipe ayenera kuona ngati lamulo lachitatu lasungidwa. Zimene achotsa:

Bonifasi kumwa kachasu chifukwa cha chisoni (tsopano akumwa thobwa)
mawu oti "chitsiru", malo onse asanu
Bonifasi kugwira dzanja la mkazi wake ("Ana akaona zimenezi adzafunsa mafunso")
Bonifasi kumenya tebulo (akuti tebulo silinalakwe)

Awonjezera pemphero poyamba ndi lina pomaliza.

Munthu womwa thobwa kuti aiwale mavuto sindinamuonepo chibadwire. Koma taipilaita ndi yawo. Tsamba 14 sanalikhudze, ndipo sewero lonse lagona pamenepo. Ndikupitiriza.

Lachitatu

Tsamba 14 lavuta.

Pamenepa ndi pamene Bonifasi akuyang'ana apongozi ake m'maso n'kupempha chitengwa. Ndawerengera aphunzitsi anzanga nthawi ya buleki. Abambo aseka mpaka tiyi kutayika, amayi awiri agwira pakamwa. Mmodzi wati: "M'maso? Pamenepo ndiye Chiradzulu yense azolika." Akunena zoona. Chinthu chimene ine sindingachite pakhomo pano, ndimati Bonifasi achite pamaso pa dziko lonse.

Njira zimene ndayesa:

Afulatirane. Oonera aziona misana.
Bonifasi alembe kalata. Apongozi sawerenga.
Apongozi akhale kuseri kwa mpanda. Masamba asanu anthu azionera mpanda waudzu ukulankhula.

Ndasankha mpanda. Sizokongola koma ndi mmene timakhalira.

Chakumadzulo kwatulukira a Muhiwa, akatekisi awatsina khutu. Andiuza ndiwawerengere. Amvetsera mwakachetechete, kenaka afunsa chifukwa chimene nkhoswe yaulesiyo ikuvala chipewa cha mlaza ngati chawo. Ndati zipewa za mlaza n'zambiri m'dziko muno. Sanaseke.

Tsopano nkhoswe ya m'sewero ndi munthu wachangu, wolemekezeka, ili ndi njinga yatsopano. Nanga ngati nkhoswe ndi yachangu, Bonifasi akuvutikiranji kupempha yekha? Sindikudziwa. Ndikonza mawa.

Lachinayi

Manyazi! Manyazi osaneneka!

Ndimati ndiyeze ngati likukwana mphindi makumi atatu. Ndakhala pakhonde masana, wotchi pabondo, ndikuwerenga mokweza, munthu aliyense ndi mawu ake. Bonifasi mawu aakulu. Apongozi mawu a m'mphuno. Ndaiwaliratu kuti kuseri kwa mpanda wathu ndi kumene kuli mtondo wa apongozi.

Musi umalira bwinobwino. Nditafika tsamba 14, musi wasiya. Zii. Kenaka chifuwa chija ndimachidziwa, kawiri.

Ndamaliza monong'ona, ndalowa m'nyumba, ndakhala pabedi osavula nsapato.

Amake Tiya, mkazi wanga, anali pathandala akutsuka mbale nthawi yonseyi. Mbale zokha ndi zimene zikulira kuposa masiku onse.

Zosintha mwamsanga: Bonifasi sakupemphanso chitengwa, akungopempha kuti azikayendera puloti yake Loweruka ndi Loweruka. Apongozi a m'sewero tsopano ndi amayi achifundo, amupatsa nkhuku. Wanzeru akadzaonera adzamvabe chimene chikunenedwa. Sindibwerera m'mbuyo, ngakhale madzi osamba ndakatunga modzera njira ya kumunda.

Lachisanu

Tsiku lotayipa. Akatekisi amatayipa ndi zala ziwiri, ndipo chala chilichonse chili ndi maganizo ake. Mpanda auchotsa, akuti kuseri kwa mipanda kumachitika zambiri ndipo oonera angaganize zina. Puloti ya ku Namadzi aichotsa, akuti ingaphunzitse akamwini a m'parishi muno kusakhazikika.

Masamba makumi awiri asanduka asanu ndi limodzi. Sewero langa tsopano likuyenda chonchi:

pemphero
moni
Bonifasi amwa thobwa
nkhoswe ifika panjinga, ipereka malangizo masamba atatu
Bonifasi apepesa (sindikudziwa walakwa chiyani)
nkhuku ifika kuchokera kwa apongozi, eni ake osaoneka
pemphero

Ndayeza ndi wotchi, m'nyumba, chitseko chotseka. Mphindi zisanu ndi zinayi. Ochita sewerowo akamayenda pang'onopang'ono, mapemphero n'kutalikirapo, mwina lingakwane.

Mtima ukundiwawa, sindibisa. Koma dzina la Bonifasi likadalipo, ndipo apongozi akulidziwa. Envelopu ndamata. Malaya ndasita, nsapato ndapolisha. Mawa minibasi yoyamba ya ku Limbe ndi yanga. Ndipita ndithu!

Loweruka

Sindinapite.

Ndikutuluka ndi envelopu m'khwapa, ndapeza a Muhiwa akhala kale pampando pabwalo, chipewa pabondo. Nkhoswe ikakhala pansi, mkamwini suyang'ana wotchi. Ndakhala pansi nanenso. Kuseri kwa mpanda kwamveka mphasa ikuyalidwa.

Ayamba ndi moni wa m'nyumba monse. Kenaka mvula ya chaka chatha. Kenaka mtengo wa feteleza, ndi mmene iwo anakwatirira. Minibasi yoyamba ndaimva ikuimba hutala kumsewu. Yachiwiri ndaimvanso. Dzuwa lafika pamutu, envelopu yanyowa ndi thukuta.

Ndiye mpanda walankhula, osati kwa ine, kwa a Muhiwa:

"Achimwene, awuzeni a Bonifasiwo kuti mkazi atha kumutenga. Zaka zakwana, khasu agwira, sitinawaonepo choipa. Akanangonena, m'malo motipatsa mawu a m'mphuno."

A Muhiwa abwereza mawu onse kwa ine, ngati sindinamve, mpaka za m'mphuno zomwe. Ine ndagwada, ndawomba m'manja kuyang'ana mpanda. Ndalira, ndipo sindikuchita nazo manyazi.

12 koloko yadutsa ndili chogwada. Mpikisano wapita. Upite! Ndapambana popanda kanema! Mawa ndiyamba kulemba zofunika: malata, zitseko, ngolo yonyamulira katundu.

Lamulungu

Tabwera ku Misa. Ndakhala pakhonde ndi kope, ndalemba "malata". Amake Tiya atulukira ndi kope lina lija, la sewero loyamba la masamba makumi awiri. Akhala pamphasa, alitsegula. Sindimadziwa kuti aliwerenga.

"Bambo a Tiya, mkazi wa Bonifasiyu walankhula kangati m'sewero monsemu?"

Ndati sindinawerengere. Andipatsa kope kuti ndiwerengere pomwepo. Ndatsegula tsamba ndi tsamba. Kawiri. Tsamba 3: "Madzi ali kubafa." Tsamba 19: "Chabwino bambo." Dzina sindinamupatse n'komwe.

Alankhula mosakweza mawu. Akuti dimba lawo lili kuno, ndi limene latidyetsa chaka cha njala chija. Manda a bambo awo ali kuno. Miyendo ya amayi awo yayamba kutupa, ndipo chipatala chili pafupi kuno, osati ku Namadzi. Akuti amayi awo alola chifukwa cha manyazi a Lachinayi, ndipo dzulo a Muhiwa atachoka amayiwo analowa m'nyumba osadya.

"Mwafunsa akatekisi, mwafunsa aphunzitsi anzanu, mwafunsa atsibweni, mpaka mwagwadira mpanda. Ine wotengedwayo simunandifunse. Ku Namadzi sindipita."

Ndafuna kukwiya koma sindinapeze poyambira. Zaka zonsezi ndimati chondiletsa chili kuseri kwa mpanda, pamene munthu woti ndimufunse ndimadya naye mbale imodzi, ndipo palibe mwambo woletsa kumuyang'ana m'maso.

Ndawafunsa, mochedwa, kuti nanga iwo akufuna chiyani. Akuti funso limenelo alimva koyamba lero, ndiye ayenera kuliganizira bwinobwino, ndisawafulumizitse. Avala mpango, apita kwa akatekisi kukaonera kanema ndi amayi awo.

Ine pawindo sindipita lero. Ndatsala pakhomo, ndikuyang'anira nyemba zili pamoto.